Mpira Wofiira wa M'kabati

Ana anga, za ubwana wanga ku Mufakose, kuno ku Harare, sindilembapo. Agogo anu aakazi anakuuzani kale, ndipo anawonjezeramo zina zimene mwini wakene sindikuzikumbukira. Mutu uno ndi wa ntchito. Ndikudziwa kuti kuwerenga Chichewa kumakuvutani, makamaka iwe Tendai, amene umandiyankha m'Chishona ngakhale ndikufunse m'chilankhulo cha makolo ako. Limbanani nacho choncho. Nkhani imeneyi m'Chishona singatuluke bwino pakamwa panga, ndipo m'Chingerezi ingamveke ngati kalata yopepesa kwa bwana. Ndi nkhani ya mpira wofiira uja uli m'kabati ya mayi anu, pakati pa makapu a alendo. Ndinakuuzani kuti ndinautola pamsewu. Sindinautole ayi.

Willowvale, kumayambiriro kwa m'ma 1980

Ndinayamba ntchito pa fakitale ina ya ku Willowvale yosoka maovololo, madasikoti ovala pamwamba pogwira ntchito, ndi mayunifolomu a sukulu. Dzina lake lilibenso ntchito, chifukwa lero m'chinyumba chimenecho mumapemphera anthu a tchalitchi china chamakono. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata osadzabwererakonso, ankaimba kwaya limodzi ndi a Kamwendo, kapitawo wa chipinda chodulira nsalu, ndipo ndi mmene ndinalowera. A Kamwendo anali aafupi, aukali, choko chili kukhutu tsiku lonse. Tsiku langa loyamba anatola kachigamba pansi n'kundiika pamphuno. "Nkhoma, ukuona chiyani apa?" Ndinati ndikuona chinyalala. "Ine ndikuona kolala. Ukadzayamba kuona kolala udzandiuze, ndidzakupatse choko. Panopa gwira tsache." Ndinasesa theka la chaka.

Ntchito ya m'chipinda chimenecho inali yotere. Nsalu zinkayalidwa patebulo lalitali, ina pamwamba pa inzake, mpaka mulu kukwera. Pamwamba pa muluwo pankaikidwa pepala lojambulidwa zidutswa zonse za chovala: miyendo, manja, matumba, makolala. Pepala limenelo tinkalitcha maka. Wodula ankangotsata mizere ya pamaka ndi mpeni wamagetsi, koma mutu wa ntchito unali kwa woyala maka. Iyeyo ankasuntha makatoni a mapatani papepalapo, kuwatembenuza uku ndi uku, mpaka zidutswa zilowerane mothinana, pasatsale mpata wotaya nsalu. Maka ikafupika ngakhale pang'ono chabe, pa mulu wonse uja pamapulumuka nsalu yambiri. Ndinakwera kuchoka pa tsache kupita pa mpeni, kenaka pa choko, ndipo a Kamwendo atapuma tinatsala oyala maka awiri, ine ndi Sakala.

Inu munkawatchula kuti Sekuru Sakala, monga mutchulira agogo m'Chishona, ndipo munkachita bwino. Ine ndimutchula Sakala basi, monga ndinkamuitanira. Anachokera ku Chipata, anali wamtali, waphokoso, woseka ndi thupi lonse. Pa maka anali ndi diso limene ine ndinalibe. Ine ndinkayesa njira zitatu ndisanakhutire, pamene iye ankangoima, kupendeketsa mutu, n'kulowetsa thumba pa mpata umene ine ndaudutsa kawiri osauona. Zinkandiwawa, koma ndinkamukonda.

Kuno ku Harare ife ana a matchona tinatengera kwa eni dziko mwambo wa usahwira. Sahwira si m'bale wako, koma ali ndi ufulu wokunyoza pagulu, wolowa m'nyumba mwako osagogoda, ndi wonena zimene abale amaopa kunena. Ukamwalira amakusambitsa ndi iyeyo, ndipo pamaliro amavala zovala zako n'kumayerekeza mayendedwe ako ndi zochita zako, zabwino ndi zochititsa manyazi zomwe, kuti olira aseke pang'ono. Bambo anga pomwalira, anzawo onse anali atatsogola kale, choncho Sakala anadzipereka yekha. Anavala chipewa chawo ndi jekete yawo, ananyamula wailesi yawo paphewa, n'kuyamba kukangana nayo za mpira wamiyendo monga ankachitira iwo Lamlungu lililonse. Agogo anu aakazi anaseka misozi ili m'masaya. Pobwera kumanda anandigwira paphewa. "Iwe Nkhoma, uzichitako zinthu zoseketsa. Ndikusonkhanitsa zokaonetsa pamaliro ako, koma mpaka pano ndilibe n'chimodzi chomwe. Ndiwe munthu wozizira kwambiri, shamwari, bwenzi langa."

Willowvale, m'ma 1990

Zinthu zinayamba kuthina pamene kaunjika anadzaza m'misika. Munthu ankagula malaya a m'mabelo akunja m'malo mwa athu, ndipo mafakitale oyandikana nafe ankatseka zipata imodzi imodzi. Kwathu kunayamba kusowa tizinthu ting'onoting'ono: choko chabwino, mapepala a maka, malamba a makina. Magolovesi a unyolo, amene amateteza zala za wodula, anatha, atsopano osabwera. Tinkadandaula Lolemba lililonse, n'kumayankhidwa kuti ali m'njira.

Tsiku lina kunabwera oda yofulumira ya mayunifolomu, ndipo tonse tinaitanidwa kukathandiza kudula. Sakala anakhala pa mpeni wa lamba, umene umaima pamalo amodzi, munthu n'kumakankhirako nsalu ndi manja onse awiri. Sindinaone mmene zinachitikira, ndinangomva makina asintha kulira. Zala zitatu zapakati za dzanja lake lamanja zinapita, kutsala chala chachikulu ndi kachala komaliza. Ndinamumanga ndi chigamba cha khaki, ndipo ndine ndinakwera naye galimoto kupita kuchipatala. M'njira, nkhope itatuwa, anandiuza kuti ndisalire chifukwa ndikumuchititsa manyazi kwa dalaivala.

Patapita miyezi ingapo anabwerera pa maka. Anaphunzira kukankha makatoni ndi chikhatho, kuwatsetsereza papepala modekha, ndipo choko ankachipanira pakati pa zala ziwiri zotsalazo. Mizere yake inakhotako pang'ono, koma diso linali lomwe lija. Magolovesi anafika sabata yotsatira ngoziyo.

Chaka cha kompyuta

Chakumapeto kwa zaka zimenezo eni fakitale anagula kompyuta yoyalira maka kwa kampani ina imene inali itagwa. Inabwera ndi makina ake osindikiza maka papepala lalitali. Anaiika m'kachipinda kagalasi pakona, ndipo Mai Dube, manijala watsopano, anatiitana awiri tonse. Anali mayi wosazungulira polankhula, ndipo sindinawaonepo akunamiza wantchito. "VaNkhoma, VaSakala, kompyuta ndi imodzi ndipo mpando wake ndi umodzi. Muphunzira nonse miyezi itatu. Ikatha ndidzakupatsani oda imodzimodzi, aliyense maola awiri. Amene maka yake idzafupike ndiye adzatsale. Winayo adzalandira kalata. Pepani, koma ndi bwino mumve kwa ine kusiyana ndi kumva kwa alonda a pageti."

Muyenera kumvetsa kuti kalata imeneyo inali chiyani kwa munthu ngati ine. Anzathu Achishona akachotsedwa ntchito ankakweza katundu pa basi n'kupita kumusha, kumudzi kwawo, kumene kunali munda ndi khola la makolo. Ine ku Dedza sindinapondeko n'kamodzi komwe, ndipo ndikanafikako sindikanadziwa wofunsa njira. Tinkachita lendi zipinda ziwiri ku Glen Norah, ana anayi, iwe Grace uli pafupi kulemba mayeso a Fomu 4. Mudzi wanga unali tebulo lodulira nsalu lija basi. Sakala nayenso zake zinali zomwezo, koma masiku amenewo ndinkaganiza za ine ndekha.

Pa kompyuta zidutswa za chovala zinkaoneka pa sikirini, ndipo unkazikoka ndi kamuvi pogwiritsa ntchito mausi. Mausi imafuna dzanja lathunthu: uigwire m'mbali, ukanikize batani ndi chala cha mkombaphala, ndipo osalisiya batanilo uikoke patebulo mpaka chidutswa chifike pamene ukufuna. Ikafika m'mphepete mwa tebulo uinyamule n'kuibwezera pakati. Ine inkandipweteka pamfundo ya dzanja, koma patatha sabata ziwiri ndinaizolowera. Sakala inamukana. Akaipanira ndi zala ziwiri, chokanikizira batani palibe. Akakanikiza, mausi yapulumuka, kolala yakagwera pamwamba pa mwendo. Anayesa dzanja lamanzere, koma linali lochedwa, ndipo pa tizidutswa ting'onoting'ono linkanjenjemera. Ankaona bwinobwino pamene thumba likuyenera kulowa, koma kulifikitsapo ayi. Ndinkamumvera chisoni ndi mtima wonse. Ndinazindikira pambuyo pake kuti chisonicho chinkabwera mosavuta chifukwa ndinkadziwa kuti mpando ndi wanga.

Kutatsala sabata zitatu, anabwera m'mawa ndi kabokosi kamene mwana wa mlongo wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Munali chinthu chooneka ngati sopo wamkulu wochapira, chokhala ndi dzenje pakati, ndipo m'dzenjemo munakhala mpira wofiira, wolemera, wonyezimira. "Iyi ndi thirakibolo, iwe mbuli," anatero. "Ndi mausi yogona chagada." Chinthucho sichiyenda patebulo, chimangokhala pamalo amodzi. Umagubuduza mpirawo ndi chikhatho, kamuvi n'kumayenda, ndipo ukachotsa dzanja kamuvi kamaima pomwepo osasuntha. Mabatani ake anali aakulu, m'mbali, pamene chala chachikulu chimafika chokha. Mai Dube anavomera kuti ailumikize. Ine nditaiyesa kamuvi kanathawira kukona, ndipo ndinaseka kuti ndi chidole. Koma Sakala anali atakhala zaka akutsetsereza makatoni ndi chikhatho chomwecho, ndipo dzanja lake linaidziwa ntchitoyo tsiku lomwelo. Pofika Lachisanu zidutswa zinkalowa m'mipata mosavuta, iye akuimba nyimbo za kwawo. Madzulo aliwonse ankautulutsa mpirawo, chifukwa umangonyamuka ndi zala, n'kupukuta ubweya wa nsalu m'timawilo tam'kati, kenaka n'kufunditsa zonse kansalu kamene anasoka yekha. Ine tulo tinayamba kundisowa.

Lachinayi la mayeso

Mayeso anali a masana, ine kuyamba, iye kutsatira. M'mawa ndinafika woyamba monga mwa masiku onse, n'kupeza kachipinda kagalasi kali kotsegula. Ndikufuna mudziwe kuti sindinagone ndi maganizo amenewo, koma sindinenanso kuti ndi satana, chifukwa dzanja linali langa. Ndinavundukula kansalu kaja, ndinanyamula mpirawo, ndinauika m'thumba la buluku la ovololo yanga, n'kubwezera kansaluko mmene kanalili. Zonsezo sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Mpirawo unali wozizira, ndipo ndinkaumva pantchafu ndikamayenda.

Sakala anatulukira nthawi ya tiyi ya teni. Sanakuwe. Anangotuluka ndi kabokosi kopanda mpira m'manja, n'kufunsa ngati wina wauona. Chipinda chonse chinayamba kufufuza, pansi pa matebulo, m'migolo ya zigamba, kuseri kwa mipukutu ya nsalu. Ine ndinafufuza kuposa aliyense. Ndinagwada, ndinakwawa pansi pa tebulo lalitali kuchokera uku mpaka uko, mpira ukundigunda pamwendo, ndikutukwana wakubayo mokweza. Nditadzuka ndinapeza Sakala waima, wapendeketsa mutu, akundiyang'ana. Kenaka anapita kwa Mai Dube. Iwo anati eni fakitale akufuna dzina tsiku lomwelo ndipo sangasinthe, choncho agwiritse ntchito mausi kapena avomereze kugonja. Kuyambira teni mpaka belu la nkhomaliro ndinali ndi nthawi yokwanira kuugubuduzira mpirawo pansi pa shelefu n'kukuwa kuti ndaupeza. Ndinaganizapo kangapo. Ndikaganiza choncho, ndinkaganizanso za lole itaima pakhomo ku Glen Norah, katundu ali pamwamba, dalaivala akufunsa kuti tikupita kuti. Ndinasankha kukhala chete.

Belu litalira Sakala anatuluka pageti osandiitana, chinthu chimene anali asanachitepo. Kutsidya kwa msewu kunali shedi imene azimayi ankagulitsamo chakudya, ndipo pambali pake panali tebulo la pulu pamene madalaivala a malole ankatayira nthawi. Ine ndinalowa m'kachipinda n'kuyala maka yanga ya maovololo, ndipo kunena zoona inali maka yabwino kuposa zonse zimene ndinayalapo. Potuluka ndinakumana naye pakhomo alibe chipewa. Anali atachisiya chikole kwa mwini tebulo uja, ndipo m'manja mwake munali mpira wakuda wa pulu, wa nambala 8. Tinamva pambuyo pake kuti anautola pakati pa masewera, madalaivala akumutukwana kuti amaliza bwanji popanda wakuda. Anaupukuta pa dasikoti n'kuuponya m'dzenje muja. Unalowa ndendende. Anaugubuduza ndi chikhatho, kamuvi kanayenda, ndipo anayamba kuimba.

Maka ziwirizo zitasindikizidwa, Mai Dube anaziyala patebulo lalitali, ina pambali pa inzake, anthu onse akuona. Ya Sakala inafupika ndi chikhatho chimodzi. Ndinamugwira chanza, anthu akuti Nkhoma ndi munthu wa mtima wabwino. Lachisanu ndinalandira kalata. Ndinafika kunyumba ndi kalata m'thumba limodzi, mpira m'thumba linalo, ndipo mayi anu sindinawaonetse chilichonse mwa ziwirizo.

Lolemba ndinapita kukatenga katundu wanga, koma Mai Dube anandiitana mu ofesi. "VaNkhoma, mnzanu uja ndi wovuta. Akuti maka yake singadulidwe ndi anthu aganyu osadziwa kuiwerenga, ndipo iye ndi dzanja lakelo sangagwire mpeni. Akufuna inu patebulo. Ndamuuza kuti malo palibe, ndiye wandiyankha kuti ngati ndi choncho nayenso akupita, ndi mpira wake womwe, kompyuta ndiziyala ndekha. Giredi yanu itsika, mubwerera pa mpeni. Mukuti bwanji?" Ndinavomera. Ndinapita kuchimbudzi n'kukalira, ndipo sikunali kulira kwa chimwemwe.

Zaka za pa mpeni

Ndinagwira ntchito pansi pa maka za Sakala mpaka fakitale inatsekedwa, m'zaka zija m'masitolo munalibe kanthu. Ndi ntchito imeneyo imene inakuphunzitsani nonse anayi, ndipo ndi imene inatipezetsa kastandi kano, kapuloti kathu ka ku Glen View. Mwini tebulo la pulu anamupatsa Sakala mpira wakuda wakale, wokhala ndi kachipsera, ndipo ndi umene anagwiritsa ntchito zaka zonsezo. Kachipserako kankakodwa nthawi zina, kamuvi n'kudumpha, iye n'kutukwana. Ndikamva kutukwanako ndili patebulo, ndinkadziwa kuti mpira wosalala uli kunyumba kwanga.

Ndinayesa kuutaya. Tsiku lina ndinaima nawo pa mlatho wa mtsinje wa Mukuvisi mpaka anthu kuyamba kundiyang'ana, koma dzanja linakana. Ndinaubisa m'nsapato yakale, mayi anu n'kuupeza posesa. Atandifunsa ndinati ndautola pamsewu, iwo n'kuukonda, n'kuuika m'kabati. Ndikanautulutsamo akanafunsa chifukwa chake. Choncho ndikamva kuti Sakala abwera, ndinkaubisa m'chitini cha mpunga, akapita n'kuubwezera. Koma sahwira sachenjeza. Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi tinamupeza wakhala kale pa sofa, moyang'anana ndi kabati, iwe Limbikani utamupatsa tiyi. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka, akusimba nkhani, akuseka, ine thukuta lili kamukamu m'jekete. Za mpira sananene kanthu. Ndinadziuza kuti mwina galasi linkanyezimira ndipo sanauone, ndipo ndinakhala ndi bodza limenelo zaka zambiri chifukwa linkandipatsa tulo.

Fakitale itatsekedwa ndinayamba kudulira azimayi osoka mayunifolomu kuno ku Glen View, ndi sizasi wamba. Sakala analibe standi. Anasamukira ku Epworth, kumene anamanga zipinda ziwiri za zidina, ndipo akazi ake ankagulitsa tomato pamsewu. Thirakibolo anapita nayo, ngakhale kunyumbako kunalibe magetsi, kompyuta n'kosanena.

Epworth, nditapuma ntchito

Zaka zingapo zapitazo anatumiza uthenga kuti shuga yamugwetsa ndipo miyendo yatupa. Ndinadziwa kuti ndikachedwanso ndidzakabweza mpirawo kwa munthu wosayankha. Ndinautulutsa m'kabati mayi anu ali kumsika, ndinaukulunga m'pepala la shuga, n'kukwera maminibasi awiri, amene kuno timati makombi. Ndinamupeza m'mawa akuwothera dzuwa pakhonde, wawonda, dasikoti yakale ili paphewa. Titapatsana moni ndinafutukula pepalalo n'kuika mpirawo pa sitululu pakati pathu. Mawu onse amene ndinakonza m'kombi anathawa. Ndinangoti, "Sakala, ndine ndinatenga."

Anauyang'ana, anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola, akazi ake kutuluka kudzaona.

"Iwe Nkhoma, unkayesa ndine wakhungu? Ndinaduka zala, osati maso. Munthu woona mpata wa thumba pa maka angalephere kuona mpira m'thumba? Unkakwawa pansi pa tebulo ngati munthu wa phudzi!"

"Ndiye unadziwa tsiku lomwelo?"

"Nthawi ya tiyi yomweyo. Ndipo m'kabati ndinauonanso. Mkazi wako amaupukuta bwino."

Ndinamufunsa chifukwa chimene anandipempherera ntchito kwa Mai Dube akudziwa zonsezo. Kuseka kunatha. Anati sabata imeneyo anandida kwambiri, moti Loweruka anayamba ulendo wobwera ku Glen Norah kudzandichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga. Atafika pakona anakuonani ana inu mukusewera pakhomo, n'kubwerera. "Ndinadzifunsa kuti ameneyu apita nawo kuti anawa? Ine ndi iwe tilibe kumusha, Nkhoma. Komanso amene anandimanga dzanja tsiku lija ndi iwe. Ndinaona kuti wakuba ndi iwe, wondimanga dzanja ndi iwenso, ndipo sindingachotse ntchito mmodzi n'kusiya winayo."

Ndinamukankhira mpirawo kuti autenge. Anaubweza ndi chikhatho chake chija.

"Ayi, bwerera nawo. Ukaubwezere m'kabati momwemo kuti ndisadzavutike kuufuna. Ukuganiza ndinakhalira chete chiyani zaka zonsezi? Ndikusungira maliro ako, shamwari. Ndidzavala ovololo yako, ndidzaika mpirawu m'thumba, ndidzakwawa pansi pa tebulo la bokosi lako ndikukuwa kuti wakuba ndani, wakuba ndani. Glen View yonse idzagwa ndi kuseka. Moyo wako wonse wachita chinthu choseketsa chimodzi chokha, ndiye ukufuna undilande?"

Ndinabwerera nawo. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, Sakala anamwalira.

Ndinamusambitsa ndine. Pamaliro ndinavala dasikoti yake, ndinamanga zala zanga zitatu ndi kachigamba, ndinagubuduza lalanje pa sitululu ndi chikhatho ndikuimba nyimbo zake za ku Chipata ndi kutukwana kamuvi. Anthu anaseka, akazi ake omwe. Mpira wofiira unali m'thumba mwanga tsiku limenelo, ndipo ndinapita nditatsimikiza kuti ndiuonetsa anthu n'kunena zimene munthu ameneyu anandichitira. Nthawi itakwana ndinaona akuluakulu a mpingo, ndinaona mayi anu, ndinakuonani inu, ndipo dzanja silinatuluke m'thumba. Ndinakhalanso chete kachiwiri.

Ndiye chifukwa chake ndalemba. Mayi anu ndawawerengera masamba awa dzulo masana, ndipo nditamaliza anangofunsa ngati apitirize kuupukuta. Ndawauza kuti inde. Amene ankasunga nkhani imeneyi wanditsogolera, ndipo sahwira wina ndilibe. Tsiku langa likadzafika, ovololo yanga ili m'sutikesi ya pamwamba pa wadirobu. Mwa ana anga onse amene ali ndi pakamwa ngati pa Sakala ndi iwe Tendai. Udzaivale, udzaike mpirawo m'thumba lakumanja, udzakwawe pansi pa tebulo anthu onse akuona. Ukafuna udzakuwe m'Chishona, zilibe kanthu. Akadzamaliza kuseka, udzawauze kuti mpirawo unali wa yani.